Nyale ya Mwatitha ndi Tizigawo ta Sekondi

Kalekale, ngakhale si kale kwenikweni poti makompyuta anali atafika, kunali mtsikana dzina lake Mwatitha Zalira. Ankafunitsitsa kuphunzira ntchito yoika magetsi a dzuwa. Sukulu ya ntchitoyi inkatenga ophunzira makumi atatu okha pachaka. Onse okhoza mayeso ankalembetsa pa webusaiti tsiku limodzi, ndipo wofulumira ndiye ankapeza malo. Awiri akafika nthawi yofanana, ankatsata alifabeti, monga amaitanira mayina m'kalasi. Mwana wa Z ngati Mwatitha anali atazolowera kukhala kumchira.

Tsiku lolembetsa anathamangira kwa Mayi Nankhoma, amene anali ndi kompyuta imodzi m'kasitolo kawo ka fotokope. Anapeza pampando pali bambo wina akulemba kalata. Mayi Nankhoma ataona mtsikana akupuma wefuwefu anati, "Achimwene, tadzukani pang'ono, kalata yanuyo ilibe miyendo." Bamboyo anang'ung'udza, koma anadzuka. Mayiwo analemba okha zonse za Mwatitha ndi zala zawo zachangu, n'kudina. "Zapita, mwanangu. Imwa madzi."

Zinapitadi, koma pamalo omaliza anafikapo awiri: Mwatitha ndi mnyamata wina, Bwanali. Papepala la mu ofesi nthawi yawo inali imodzi, 8:04:17. Potsata alifabeti, malo anali a Bwanali.

Pasukulupo panali Bambo Kachingwe, wosamalira seva, kompyuta yaikulu imene imalandira zonse zotumizidwa pa webusaiti n'kumalemba m'kaundula wake nthawi imene chilichonse chafika. Miyezi isanu ndi umodzi m'mbuyomo, popanda wowatuma, anasintha mzere umodzi kuti sevayo isamalekere pa sekondi, koma izilembanso tizigawo take, sekondi imodzi kuigawa pa chikwi. Anzawo anawaseka. "A Kachingwe, sekondi yakukulirani? Mawa mugawanso mpweya." Iwo anangoti, "M'sekondi imodzi mumakwana anthu ambiri." Panalibe wowathokoza, ndipo nkhaniyo inaiwalika.

Panalinso Mayi Chikaonda, alembi, amene ankadinda mndandanda wa osankhidwa. Ataona nthawi ziwiri zofananazo, anazengereza kudinda. Asanakwatiwe anali a Zembani, ndipo ankakumbukira mmene mabuku ankathera m'kalasi dzina lawo lisanaitanidwe.

"Dindani, mayi, lamulo ndi lamulo," anatero mkulu wa sukulu.

"Ndidinda, bwana. Ndiloleni ndikafunse kaye kamodzi."

Anakwera masitepe ndi mawondo awo owawa mpaka kwa Bambo Kachingwe. "Kodi makina anuwa sangadziwe amene anayamba?" Bamboyo anamwetulira ngati munthu amene wadikira mlendo kwa nthawi yaitali. Anatsegula kaundula. Pa tizigawo chikwi ta sekondi ija, Mwatitha anafika pa 214, Bwanali pa 590. Kuphethira kwa diso kokha.

Mkulu wa sukulu anakanda mutu, n'kuvomera kuti malowo ndi a Mwatitha. Anawonjezanso kuti Bwanali akhale woyamba chaka chotsatira, ndipo Mayi Chikaonda anamuimbira okha foni kuti asamve kwa anthu apanjira.

Patatha zaka ziwiri Mwatitha anamaliza maphunziro. Pasukulupo panali mwambo wakuti nyale ya dzuwa imene wophunzira walumikiza pamayeso omaliza asaisunge, koma akapereke kwa munthu amene anamutsegulira khomo. Mayi ake anamuuziratu, "Ine udzandipangira yachiwiri. Iyi ili ndi mwini wake."

Anainyamula m'chitenje kupita kwa Mayi Nankhoma. Iwo anaseka, poti nkhani ya tizigawo ija anali ataimva kale. "Ine ndinangodzutsa munthu pampando. Kapereke kwa a makinawo."

Bambo Kachingwe anaitembenuza, n'kuyamikira mmene mawaya anagwirira, kenako anaibweza. "Manambala anga akanangogona m'kaundula muja mpaka lero. Pita kwa amene anafunsa."

Mayi Chikaonda anaiyang'ana nthawi yaitali, chifukwa kwawo magetsi amathimathima. "Njokongola, mwanangu," anatero motsitsa mawu. "Koma ndikanafunsa n'kupeza mulibe kanthu, bwenzi nditangotopetsa mawondo. Ndipo mayi a fotokope aja akanachedwa kudina ndi mpweya umodzi, tizigawoto tikanakutsutsa."

Mwatitha anabwerera nayo kunyumba. Anaiika pawindo, ndipo dzuwa laidzaza kale, ikungodikira woiyatsa. Kuigawa patatu sizingatheke. Si sekondi ya Bambo Kachingwe.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, thandizani mwanayu. Nyaleyi ikayake m'nyumba mwa yani: mwa amene anafulumizitsa zala, mwa amene anagawa sekondi anzake akumuseka, kapena mwa amene anaika chidindo pansi n'kukwera masitepe kukafunsa?