Zitsa za Nasimango

Tulutsani kaye mbuzi zanuzo m'munda wa mapiramo, mukazimangirire kumtengo uko, kenaka mubwere mukhale apa. Mukuseka chiyani? Mukuganiza kuti poti takolola ndiye kuti zitsazo zilibe mwini? Mwini wake alipo, ndipo dzina lake mulimva lero.

Kalekale, makolo a makolo athu asanabadwe, mapira anali mbewu yofatsa ngati chimanga. Ukadula phesi, chitsa chinkauma pomwepo, nkhani n'kutha. Ng'ombe zinkadya masamba ake anthete ndi okhwima omwe, osamva kanthu m'mimba.

Masiku amenewo, kuchigwa kotentha kuno, kunali mayi wina dzina lake Nasimango. Mwamuna wake anamwalira mvula yoyamba itangogwa, anthu ali kalikiliki kubzala. Mwambo sunkalola wofedwa kugwira khasu asanamete, choncho Nasimango anabzala mapira ake anzake akupalira kale. Anatsala ndi ana atatu komanso nkhokwe yoti ukasuzumira unkaona pansi.

Mkulu wake wa malemuyo, a Thombozi, anali ndi ng'ombe zodzaza khola ndi akazi awiri amene palibe anawaonapo akuseka. Atangometa maliro, anafika kudzanena za chokolo.

"Alamu, m'bale wanga wasiya nyumba yopanda mzati. Mangani katundu, musamukire kwathu."

"Zikomo alamu, koma mzati ulipo," anatero Nasimango. "Ndine ndemwe."

"Nanga anawa muwadyetsa chiyani?"

"Mapira anga."

A Thombozi anaseka mpaka kutsokomola. "Obzala mochedwa aja? Chabwino. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Ndikudikirani."

Tsono mudzi unali ndi lamulo lake: ziweto sizimasulidwa kupita kuminda mpaka munthu womaliza atakolola. A Thombozi lamuloli ankalidziwa bwino lomwe. Koma anthu ena onse atangotuta zawo, ngala za Nasimango zikadali zamkaka, iwo anatsegula khola m'mawa dzuwa litatuluka kale, n'kulozetsa ng'ombe kumunda kwa mlamu wawo. Pofika masana m'mundamo munatsala zitsa ndi ndowe.

Nasimango analira, sindikubisirani. Analira mpaka mawu anasasa. Amayi anzake anabwera kudzamupepesa, ndipo chipepeso chawo chinali ichi: "Zulani zitsazi mutenthe, mupite kwa alamu anu. Manyazi sapha munthu, koma njala."

Iye anapukuta misozi n'kufunsa, "Ng'ombezo zadya mitu. Kodi mizu zadyanso?"

Anzakewo anangoyang'anana, poganiza kuti maliro amuzunguza mutu.

M'mawa mwake anatenga chikwanje n'kusadza mapesi ophwanyikawo kuti alingane. Anatenga khasu n'kuunjikira dothi pachitsa chilichonse. Mvula inali itatha, ndiye madzi ankasenza pamutu kuchokera kumtsinje, mtsuko ndi mtsuko, khosi mpaka kuuma. Pothirirapo ankalankhula ndi zitsazo ngati akulankhula ndi mnzake.

"Iwe ndi ine tafanana. Atidula kuti tigone pansi. Ine kwa a Thombozi sindipita, iwenso usafe. Ndipo akadzabweranso ndi pakamwa pawo, usadzawalandire bwino."

Masiku anapita, zitsa zili duu. Banja lija linkadya nyika, timizu towawa tija tokumba m'madambo, ndipo mwana wamng'ono anayamba kuonekera nthiti. Tsiku lina Nasimango anatenga lichero lopanda kanthu, nayamba kuyenda njira ya kwa a Thombozi. Musamuweruze, simunamvepo mwana wanu akulira ndi njala. Anafika mpaka pamphambano, mudzi wa mlamu wake ukuoneka poteropo. Anaima nthawi yaitali. Kenaka analavula malovu pansi, n'kukhotera kumunda.

Kumundako anapeza zimene munthu anali asanaonepo. Chitsa chilichonse chinali chitatulutsa mphukira zobiriwira, pena zitatu pena zinayi, pamene kale panali phesi limodzi.

Mbiri siigona panjira. A Thombozi atamva, mtima unawawawa, ndipo anachita zimene anachita poyamba paja: anatsegula khola. Ng'ombe zinathamangira msipu wanthetewo n'kuyamba kumwetula. Koma dzuwa lisanafike pamutu, mimba zawo zinatupa ngati mitsuko, thovu lili mbwee kukamwa. Nkhunzi yaikulu, imene mwini wake ankainyadira kuposa ana ake, inagwada n'kugwa cham'mbali, osadzukanso. Zina zinatsatira.

A Thombozi anathamanga opanda ndodo mpaka pakhomo pa Nasimango.

"Alamu, mwathira chiyani m'munda muja?"

"Dothi ndi madzi."

"Ng'ombe zanga zikutha. Chonde, tiyeni mukazichitire chifundo."

Nasimango sanadzuke pamene anakhala. "Paja munati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Lero watsegula ndani, alamu? Ine mankhwala ndilibe. Katulutseni zotsalazo m'munda mwanga, ndipo mpanda mumange ndi manja anu."

Anaumangadi, anthu akuonerera. Za chokolo sanazitchulenso mpaka tsiku la imfa yawo.

Mapira aja anakula ndi mame ndi timvula ta mawawa, anabereka ngala zolemera, ndipo ana atatu aja anadya mpaka kunenepa masaya. Mbewu yake Nasimango anagawira mudzi wonse, kuyambira amayi omwe aja ankamuuza kuti azule zitsa. Pogawapo ankawayang'ana m'maso mmodzimmodzi.

Ndi chifukwa chake mpaka lero mapira ukawadula amaphukanso pachitsa, ndipo dzuwa likapsereza chimanga iwo amangopinda masamba n'kudikira. Ndi chifukwa chakenso mphukira zake zanthete zimatupitsa chiweto chilichonse chimene chazidya. Mapira sanaiwale pangano lawo ndi mayi uja, ndipo safunsa kuti mbuzi ndi ya yani. Pitani mukaone ngati zingwe zija mwamangitsa.