Zipanda za Mphunzitsi Fulu

Padangokhala Fulu, mphunzitsi wakalekale pa sukulu yaukachenjede ya nyama. Khalani chete ana inu, iyi si yoseka ayi.

Fuluyo ankaphunzitsa za mankhwala azitsamba, ndipo nzeru anali nazo, tisamunamizire. Koma anali ndi lamulo lake limodzi. Wophunzira akangokweza dzanja, iye ankati, "Mafunso pomaliza. Mwamva?" Onse n'kuyankha kuti, "Tamva, aphunzitsi."

Chaka china kunagwa mliri wa chifuwa. Sukulu inatsekedwa, aliyense anabindikira kuuna kwake. Kangaude anayala ulusi kuchokera kwa aphunzitsi kukafika kwa wophunzira aliyense, kumapeto kwake n'kumangirira chipanda cholankhuliramo.

Nungu, nkhalamba inzake ya Fulu pa uphunzitsi, anavutika nacho chipandacho, mpaka kumalankhulira kunsi kwake, koma anazolowera. Popeza nkhope za ana sankaziona, anaphunzira kulankhula pang'ono n'kutchera khutu, kuwafunsa mmene adzukira. Fulu anamuseka kuti wasanduka namwino.

Fuluyo anayambira pa phunziro loyamba monga ankachitira zaka zonse: mankhwala a mutu, a m'mimba, a zilonda. Muzu wa chifuwa unali phunziro lotsiriza.

Tsiku lina m'chipanda munamveka kutsokomola, kenaka mawu a Gologolo, wophunzira wake wanzeru kwambiri.

"Aphunzitsi, kuno tikutha. Muzu wa chifuwa uja..."

"Mafunso pomaliza. Mwamva?"

"Tamva, aphunzitsi."

Patapita masiku, kutsokomola kuja kunaleka. Mayankho anayamba kubwera pamodzi, popanda wochedwa, popanda wopuma, ozizira ngati madzi a mumtsuko. Fulu anakondwa, akuti ana aphunzira ulemu. Nungu anamuchenjeza kuti kalasi yosatsokomola m'chaka cha chifuwa ndi yoopsa, koma Fulu anamuuza kuti asamale za ana ake.

Atamaliza phunziro la muzu uja, Fulu anati, "Tsopano mafunso." M'chipanda munangoti zii.

Apo mantha anamugwira. Anakumba muzu wa chifuwa, naunyamula kukamwa, n'kuyamba kutsata ulusi, ndipo mayendedwe a Fulu mukuwadziwa. Anafika dzuwa lili paliwombo. Mauna onse anali atamera udzu. Zipanda zinali mbwee pansi, nyerere zikulowa ndi kutuluka. Kwa Gologolo anapeza mulu wa dothi louma kalekale, ndipo pakhomo penipeni panali patamera chitsamba cha muzu womwewo, chimene mwanayo sankachidziwa.

Muzu unagwa kuchoka kukamwa kwake, Fulu analira ndi chisoni. Pakamwa pake panangotuluka chizolowezi chija.

"Mwamva?"

Pansi pa nthaka panayankha mawu, onse pamodzi.

"Tamva, aphunzitsi."

Mpaka lero Fulu akamva mawu amabweza mutu m'chigoba, ndipo palibe anamumvaponso akulankhula.

Yanga yathera pomwepa, ana inu: mphunzitsi wosapereka mpata wa funso amakamalizira phunziro lake kumanda.