Gulugufe Amene Anatulutsidwa ndi Lumo

Ana inu, alipo mawu ena amene akuluakulu amakonda kumuuza munthu waphuma. Ndikuuzani kumene mawuwo anachokera, koma muyambe mwamva za aphunzitsi a Likongwe.

Kale, masukulu asanachuluke, kuseri kwa mapiri a ku Dedza kunali kasukulu kofolera ndi udzu, ndipo a Likongwe ndiwo ankaphunzitsa pamenepo. Anali munthu wokonda ana, wokondanso ntchito yawo, koma kudikira kunkawavuta. Mwana akachedwa kuyankha funso, iwo ankangomuyankhira.

Chaka china mvula itagwa, mtsikana wina wa m'kalasi mwawo, dzina lake Sungeni, anabwera ndi tsamba la ndimu. Patsambapo panali timazira tating'ono ngati njere za mawere.

"Aphunzitsi, ndaona gulugufe atatera pomwepa, ndiye atachoka ndapeza timeneti," anatero Sungeni.

A Likongwe anakondwa kwambiri. Anatenga dengu, n'kuikamo tinthambi ta ndimu, n'kuphimba pamwamba ndi nsalu yopyapyala. Kuyambira tsikulo phunziro linali m'dengu. Ana anaona timbozi tikutuluka m'mazira, takuda ndi mawanga oyera ngati zitosi za mbalame. M'mawa uliwonse ankathyola masamba atsopano, mbozi n'kumadya, n'kumafundula, mpaka zinasanduka zobiriwira, zonenepa ngati chala. Ana ankazijambula pamasileti awo, ena ankapeka nyimbo. Mbozi zina zinafa, koma ziwiri zinakula bwino. Kenako zinasiya kudya, zinadzimangirira kukanthambi ndi kaulusi, n'kusanduka zikwa zouma zangati masamba opinda.

"M'kati mwa chikwa chilichonse mutuluka gulugufe," anatero aphunzitsi. "Ntchito yathu tsopano n'kudikira."

Koma m'mudzimo si onse ankakondwera nazo. Inali nyengo yopalira, ndipo makolo ankafuna manja kumunda. Bambo ake a Sungeni, a Chadza, ankanena poyera kuti mwana wawo akungotaya nthawi n'kuweta mbozi, pamene anyani akumaliza chimanga. Makolo ena anayamba kuvomerezana nawo, ndipo mabenchi anayamba kuoneka mipata.

A Likongwe zinawapweteka. Anayenda khomo ndi khomo n'kumauza makolo kuti, "Mubwere Loweruka lino mudzadzionere nokha. Mbozi zimene mukunyozazi zidzauluka inu mukupenya."

Akazi awo atamva anawafunsa kuti, "Kodi gulugufeyo mwapangana naye za Lowerukalo?"

A Likongwe anangoseka.

Loweruka linafika, ndipo anthu anabweradi, ena makasu ali paphewa. Anakhala pansi pa mtengo wa mbawa, dengu lili patebulo pakati pawo. Ana anaimba nyimbo yawo ya dzira, mbozi, chikwa ndi gulugufe. Anaonetsa zojambula zawo. Sungeni anafotokoza bwinobwino mmene anapezera mazira aja. Kenako onse anayang'ana kudengu.

Chikwa chimodzi chinali chitayamba kuda, moti mawanga a mapiko ankaonekera pang'ono kukhungu lake. Koma sichinang'ambike. Dzuwa linakwera. Makanda anayamba kulira kumsana. Anthu ena anadzuka n'kumasasa fumbi kunsalu zawo.

A Chadza anatsokomola. "Aphunzitsi, ife tasiya udzu ukukula m'munda. Ngati zalephereka, mutimasule."

A Likongwe anaganiza za mabenchi opanda ana, anaganizanso za mmene anthu akawasekere pobwerera kwawo. Anapisa dzanja m'thumba n'kutulutsa lumo losongolera mapensulo.

"Wakhwima kale ameneyu," anatero. "Wangosowa womutsegulira chitseko."

"Aphunzitsi, paja munati tidikire," anatero Sungeni chapansipansi.

Iwo anachita ngati sanamve. Anacheka khungu la chikwa mosamala, n'kulikanula ndi zikhadabo. Timadzi tinadontha patebulo. Kenako panagwa kanthu konyowa, kamimba kotupa, mapiko ake ofota ngati nsanza yofinya. Kanayesa kuima, miyendo n'kugwedera. Kanadzikoka pang'ono, kenako kanagwera chagada.

Panalibe amene anaseka, ndipo kwa a Likongwe kukanakhala bwino anthu akanaseka. Sungeni anakatola n'kukaika pachikhatho pake. Anakayang'ana nthawi yaitali, kenako anakweza maso.

"Aphunzitsi, auluka nthawi yanji?"

A Likongwe ankadziwa, poti ndiwo anaphunzitsa anawo, kuti gulugufe amang'amba yekha chikwa nthawi yake ikakwana, n'kulendewera mpaka mapiko atatambasuka ndi kuuma. Ameneyu sadzauluka. Lumo linali likadali m'manja mwawo, ana onse akuliyang'ana.

Anthu anabalalika mwakachetechete. A Chadza anagwira mwana wawo paphewa n'kunyamuka naye. Dzuwa lisanapendeke, kagulugufe kaja kanafa.

A Likongwe analephera kulowera kunyumba kwawo. Anazungulira kuseri kwa sukulu, kumene sikudutsa anthu, n'kukhala pamwala, mutu uli pakati pa mawondo. Pafupi ndi phazi lawo panali nkhono, imene inabisala m'chigoba chake itamva mgugu wa mapazi awo. Tsiku lina akanaikankha ndi nsapato n'kupitirira. Koma manyazi anali atawafooketsa, moti anangokhala duu, osagwedezeka.

Patapita nthawi ndithu, nkhono ija inayamba kutuluka. Inatulutsa mutu, kenako tinyanga tiwiri tinatalika pang'onopang'ono, ndipo kunsonga kwa kanyanga kalikonse kunali kadontho kakuda. Anali maso. A Likongwe anakula akuona nkhono dzinja lililonse, koma maso ake anali asanawaonepo. Anasuntha chala kuti akhudze, tinyanga tija n'kubwerera m'kati nthawi yomweyo. Anabweza dzanja, n'kudikiranso, ndipo maso aja anatulukanso okha.

Lolemba m'kalasi munabwera ana ochepa. Sungeni analipo, poti anachonderera bambo ake kuti aone kaye mathero a chikwa chotsala chija. A Likongwe anaima kutsogolo, manja ali kumbuyo.

"Ana inu, gulugufe uja ndinapha ndine," anatero. "Sikuti anali wodwala ayi. Ndinaopa kusekedwa, ndiye ndinachita chimene ndinakuletsani inu. Sungeni, unandikumbutsa koma sindinakumvere. Pepa mwanawe."

Sungeni anayang'ana pansi. Sizinali zachizolowezi kuti mphunzitsi apepese mwana.

"Nanga winayu, aphunzitsi?" anafunsa.

"Winayu sitimukhudza. Dzana ndinaona maso a nkhono, ndipo ndinawaona chifukwa ndinakhala chete. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Masiku angapo anadutsa. M'mawa wina ana akulemba masamu, mnyamata wokhala pafupi ndi dengu anakweza dzanja n'kuloza. Chikwa chinali chitang'ambika chokha. Onse anazungulira, aphunzitsi ali kumbuyo kwenikweni. Gulugufe anatuluka movutikira, mapiko ake ofota ngati a mnzake uja. Koma panalibe amene anatambasula dzanja. Gulugufe analendewera kukanthambi, mapiko n'kumafutukuka pang'onopang'ono mpaka anakhala aakulu, akuda ndi mawanga achikasu. Sungeni anachotsa nsalu, ndipo gulugufe anatulukira pawindo.

Palibe kholo limene linaona zimenezi. Anawo ndiwo anakafotokoza kwawo, ndipo anafotokozanso mawu a aphunzitsi awo. Ana ambiri anabwerera kusukulu, ena sanabwererenso. A Likongwe ankati akakumana ndi makolo a ana amenewo panjira, ankawapatsa moni maso ali pansi.

Ndiye mukamva akulu akuti kuona maso a nkhono n'kudekha, akutanthauza kuti zinthu zina zili ndi nthawi yake, ndipo sizimva kukakamiza. Nkhono ukaigogoda kuti ituluke, m'pamene imabisala kwambiri. Chimodzimodzi mbewu m'nthaka, bala pamwendo, ngakhale mnzanu amene akuchedwa kuyankha funso m'kalasi. Wodekha amaona mathero ake. Waphuma amawononga chinthu chimene chikanabwera chokha, ndipo kupepesa sikuchibweza.