Banga la Buluu Kunsi kwa Ndege

Kalekale, koma osati kale la mikondo ayi, kale lija milatho inkapita ndi madzi chaka ndi chaka, kuseri kwa phiri kunali munda waukulu wa khofi. Mwini wake, a Kamtedza, anali ndi kandege ka mipando inayi, ndipo ankakayendetsa okha. Wokonza ndegeyo anali Malizani, munthu wosachuluka mawu, wa zikhadabo zakuda ndi girizi. Woitsuka anali Nasibeko, mayi waukhondo wonyanya, uja woti ukapita kukamuchezera amasesa pomwe waponda usanatsanzike n'komwe.

M'mawa wina, mvula itavumba sabata yathunthu, Nangondo, mkazi wa Malizani, matenda a uchembere anamuvuta. Mwana anali atapingasa. Mzamba wa pamundapo anati, "Ine pano zandikanika. Akapanda kufika kuchipatala chachikulu dzuwa lisanafike paliwombo, tiwataya." Mlatho unali utakokoloka. Njira inatsala imodzi basi, ya m'mwamba.

Anamunyamula pa machira mpaka pabwalo la ndege. A Kamtedza anali atakhala kale pampando wawo. Malizani akukweza mkazi wake anawerama, ndipo fungo la mafuta linamulasa m'mphuno.

"Kodi ndegeyi ikudontha?" anafunsa.

Nasibeko, ndowa ili m'manja, anati, "Za kudontha sindikudziwa, achimwene. Koma kunsi kwakeku kumachita banga la buluu. Ndimalipukuta m'mawa uliwonse, lero ndi kachisanu ndi chimodzi. Ndimaopa kuti abwana anganene kuti ndine wauve."

Kalanga ine! Mafuta a ndege amawathira utoto wa buluu mwadala, kuti akamatuluka pena pake aziwoneka. Amati chakudza sichiyimba ng'oma, koma ichi chinayimba masiku asanu ndi limodzi, mayiyu n'kumachitseka pakamwa ndi chisanza.

A Kamtedza anasuzumira pawindo. "Mafuta akhala akuchepa, inde, koma ankapopa ndi mlonda uja. Ndinamuchotsa ntchito Lachitatu."

"Atachoka anasiya kuchepa, bwana?"

A Kamtedza anayang'ana kumbali. Kenako anati, "Malizani, ndauluka nayo dzana, ndauluka nayo dzulo. Ulendowu sukwana ngakhale ola limodzi. Tseka chitseko tizipita."

"Sindikudziwa pomwe akutulukira, bwana. Akakhala pafupi ndi moto tipsera m'mwamba tonse."

"Iwe, ndi mkazi wako uyu!"

"Ndikudziwa, bwana."

Nangondo anamugwira malaya. "Abambo, tiyeni, ndatopa ine." Malizani anamasula zala za mkazi wake chimodzichimodzi, namutsitsa, namugoneka pamthunzi wa phiko. Mtima wake unasweka pomwepo.

Anatuma Nasibeko kukatenga ufa woyera, poti ndi momwe ankasakira podontha: umawaza ufa, pomwe pasanduke buluu ndi pomwepo. Anawaza kunsi konse. Buluu anatulukira pa kampopi kotayira madzi a m'mafuta. Anakamasula, anasintha labala wake, anakamanga. Ola linatha. Anapukuta, anawazanso ufa, ndipo taonani, buluu uja wabweranso pomwe pomwepo! Mafuta ndi achinyengo, anthu inu. Amatulukira kwina, n'kuyenda m'kati mwakachetechete, n'kudzadonthera potsika.

Kuseri kwake Nangondo anali atasiya kukuwa, akungobuula. Malizani sanacheuke, poti ankadziwa kuti akangocheuka atseka chitseko n'kunena kuti tiyeni.

Anavundukula injini, nawaza ufa pa mapaipi onse, nauza a Kamtedza kuti ayatse pampu yokankha mafuta. Ufa unanyowa kuseri kwenikweni, kosafika diso. Paipi ya labala inali itang'aluka pang'ono ngati mphini, ndipo mafuta ankadontha zala zitatu zokha kuchokera pa ekizozi, chitsulo chija chimafiira injini ikatentha. Anachotsa paipiyo, anaika ina, anawazanso ufa. Ufa unakhala woyera mbee. Koma dzuwa linali litapendeka.

Ndege inauluka bwinobwino, osatsokomola ngakhale kamodzi. Kuchipatala anatulutsa mwana wamkazi wamoyo. Nangondo sanadzukenso. Dokotala, povula magolovesi, anangoti, "Mukanafika ola limodzi m'mbuyomu, bambo, bwenzi tikunena zina."

Tsono kwawo kwa Nangondo maliro saikidwa mwini mbumba asanamve chomwe chadya m'bale wake. Malume ake, a Gwedeza, anakhala pakhonde la siwa, naitanitsa Nasibeko, a Kamtedza ndi Malizani. "Ine sindikufuna mbuzi, sindikufuna nkhuku," anatero. "Ndikufuna mmodzi aimirire anene kuti ndine, kuti mwanayu akadzakula n'kufunsa za amayi ake, tidzakhale ndi chomuyankha."

Nasibeko anagwada. "Ndinalembedwa ntchito yotsuka, ndipo ndinatsuka. Palibe anandiuzapo kuti banga lija limalankhula. Komanso ndikanakhala chete m'mawa uja, bwenzi achimwenewa akuyesa kuti ndi fungo chabe la mafuta otayikira pothira."

A Kamtedza anavula chipewa. "Ndinaona mafuta akuchepa, ndinanamizira munthu wosalakwa m'malo moitana wokonza. Chimenecho ndikuvomera. Koma ndege ndinapereka, moyo wanga ndinapereka, ndipo ndinati tiyeni nthawi ikadalipo. Akanandimvera, mwina bwenzi lero tikumwa thobwa la chikuta."

Malizani sanagwade, sanavulenso chipewa. Anapisa m'thumba, natulutsa paipi yong'aluka ija, naiyika pamphasa. "Malume, ndinamasula zala zake pa malaya angawa. Chimwalirireni mkazi wanga sindinagone tulo. Paipi iyi ikanagwira moto, bwenzi mukuika phulusa la anthu anayi, kuwerengera ndi mwana yemwe. Koma inauluka dzana lake, inauluka dzulo lake, osapsa. Mwina ikanaulukanso. Sindikudziwa, malume, ndipo sindidzadziwa mpaka kufa."

A Gwedeza anatola paipiyo, naitembenuza uku ndi uku. Kachinthu kosakwana chikhatho! Anayang'ana mayi uja, anayang'ana bwana uja, anayang'ana mkamwini wawo. M'nyumba khanda linayamba kulira, ndipo panalibe woliyamwitsa. Adzukulu anali atamaliza kukumba, atatsamira makasu awo, akudikira mawu.

Ineyo nkhaniyi yandikulira, ndaitula pamaso panu. Wina anapukuta chizindikiro chifukwa cha khama, wina anaona chizindikiro n'kuloza chala kolakwika, wina anachipeza koma n'kudya nthawi ya mkazi wake. Nanga inu mukanakhala pakhonde paja, manda ali yasa, khanda likulira, mukanati aimirire ndani?