Kampeni Kansanje ka Nasiketi

Khoma la nyumba zalendizo linali lopyapyala ngati khungu la anyezi. Nasiketi, akuyamwitsa mwana, anamva eni nyumba akukangana.

"Chimpeni chanu chonenepachi chikungophwanya papaya, bambo a Tiyese."

"Basi, ndikalanda kampeni kopinda ka Nasiketi. Akakana, asamuke."

Kampeniko n'kamene Nasiketi ankadulira mbatata za tchipisi zogulitsa. Anathamangira pamwala n'kukanola mbali imodzi yokha. Mpeni wonola choncho umakhota wokha, pokhapokha woudziwa apendeketse dzanja.

Bambo a Tiyese atafika, iye anagwada. "Tengani, bambo. Koma mukayesere pompano, kali ndi nsanje."

Akazi awo anabweretsa papaya uja. Bamboyo atangoyamba kudula, kampeni kanakhota, ulendo wa ku chala chachikulu. Atayesanso, kanapala chikhadabo.

"Amalume anga kanawayambanso choncho," anatero Nasiketi mwachisoni. "Pano amadya ndi supuni."

Bamboyo anakaika pansi pang'onopang'ono n'kubwerera m'mbuyo. Nasiketi anakatola, n'kupendeketsa dzanja, n'kuwadulira papayayo bwinobwino.

Mayi a Tiyese anaseka mpaka misozi. "Khalani pansi tidye, bambo, zala zikadali zokwanira."

Bamboyo anakhala n'kuyamba kudya.