Nyemba Zimene Zinadikira Mawu a Nangondo

Ana inu, usiyeni mphikawo. Mwauvundukula kasanu tsopano, ndipo nyembazo zikadali gwa ngati miyala ya legeni. Nyemba sizipsa ndi maso. Khalani apa pamthunzi ndikuuzeni amene anaziphunzitsa khalidwe limeneli.

Kalekale, mapiri akadali ofewa moti mbuzi ikakwera inkasiya mapazi pathanthwe, nyemba zinali ndiwo zofulumira kuposa zonse. Unkatereka mphika, kutembenuka kuti utape mchere, pocheuka n'kupeza zapsa kale, msuzi utagwirana bwino. Mayi wina anayetsemula ali pamoto, potsegula maso anapeza zapserera. Wonama si ine, ndi amene anandiuza.

M'mbali mwa njira yotsikira ku mtsinje wa Namilulu munali mudzi, ndipo kumapeto kwa mudziwo kunkakhala mbeta yotchedwa Nangondo. Ankalima nyemba zamitundumitundu: zofiira, zoyera, nanyati, ndi zina zamawangamawanga ngati nkhanga. Manja ake anali opepuka pa ntchito, koma pakamwa pake panali polemera. Mawu ankafika pakhosi n'kukhala pansi kupumula.

Pa njira imeneyo pankadutsa mwamuna wina dzina lake Dzimbiri, wosema zipande ndi mithiko. Ankasenza mtolo wake mudzi ndi mudzi, kusinthanitsa ndi chakudya. Munthu ameneyu sankadya chilichonse choyenda, chouluka kapena chosambira. Mbewa ayi, ngumbi ayi, ngakhale dzira. Uchi ankati ndi wa eni ake. Anthu akamufunsa, ankangoti, "Chinthu chothawa ukachiyandikira chakuuza kale maganizo ake. Nyemba sizinandithawepo."

Chifukwa cha zimenezi anali atakanidwa m'midzi itatu. Akapita kukafunsira mbeta, eni mbumba ankamuphera nkhuku, iye n'kuthokoza koma osaigwira. Pomwepo ankamva, "Mkamwini wotani wosadziwa msampha? Tizidzadya zipande?" Atakanidwa kachitatu, Dzimbiri anamanga mawu ofunsira pansi penipeni pa mtolo, osawamasulanso.

Kwa Nangondo kokha n'kumene ankadya osafunsidwa mafunso. Nangondo anali atasiya nyama mwakachetechete chaka chimene Dzimbiri anayamba kupatukira pakhomo pake, ndipo sanauze munthu chifukwa chake. Anaphunzira kuphika nyemba m'njira khumi: zothira nsinjiro, zosakaniza ndi maungu, chipere chosalala, khwanya wotendera. Koma taonani tsoka lake. Masiku amenewo panali mwambo umene aliyense ankaudziwa: mlendo sachoka mphika uli pamafuwa. Akamuterekera, azikhala mpaka mwini nyumba ataphula. Akadya, njira yatseguka, azipita. Ndipo mphika ukaphulidwa ndiwo zisanapse, mlendo ankadziwa kuti wauzidwa mwaulemu kuti anyamuke, asabwerenso.

Tsono poti nyemba zinkapsa mwa kuphethira, Dzimbiri ankati akangokhala pamphasa, mbale ili kale patsogolo. Kudya, kuwomba m'manja, kusenza mtolo, ulendo. Nangondo ankatsala akuyang'ana msana wake ukuchepa m'njira, mphasa isanatenthe n'komwe.

Tsiku lina m'mawa, mitambo ya mvula yoyamba itaunjikana kumapiri, Dzimbiri anafika natula mtolo.

"Odi, a Nangondo. Ndadzatsanzika. Mitengo yabwino yosema yatha kuno. Ndikuwoloka Namilulu lero madzi asanadzaze, ndikakhale kwa amalume kutsidya. Kuno sindidzadutsanso."

"Chabwino," anatero Nangondo, ngakhale m'chifuwa munagwa chinthu ngati dzungu lagwa padenga. "Khalani, nditereke."

Analowa m'nyumba natapa nyemba m'lichero. Mkazi safunsira mwamuna, ndi mmene anakulira. Koma akanapeza tsiku lathunthu, mwina mawu akanatuluka okha, kaya mwa iye kaya mwa mlendoyo. Anawerama nanong'oneza nyembazo. Paja nthawi imeneyo nyemba zinkayankhula, koma zonse pamodzi, ngati ana olonjera mlendo.

"Anzanga, ndakulimirani, ndakupalirani, ndakutetezani kwa anankafumbwe ndi phulusa. Lero ndithandizeni. Musapse msanga."

"Mpaka liti, mayi?" zinafunsa nyemba.

"Mpaka mawu ena atanenedwa."

"Mawu ati?"

"Mukawamva muwadziwa."

Nyemba zinanong'onezana m'lichero, wayawaya, kenako zinati, "Tavomera. Tilimba mpaka mawuwo atanenedwa pabwalo pano, mwini wake n'kuwamva. Koma musatiphule tili zaziwisi. Mukatero sitidzadziwanso nthawi yolekera kudikira."

Nangondo anatereka mphika panja, pafupi ndi mphasa. Madzi anabwata. Dzimbiri anasamba m'manja monga mwa masiku onse, nadikira. Manja anauma. Nangondo anatola nyemba imodzi naifinya ndi zala. Gwa.

"Zodabwitsa," anatero Dzimbiri.

"Zodabwitsa ndithu," anatero Nangondo, akuyang'ana kumbali.

Anayamba kucheza. Anakamba za mvula, za chiswe chimene chinadya nkhokwe ya mnansi, za mbuzi yopunduka imene inkatsogolera zinzake. Nangondo anamva kwa nthawi yoyamba kuti Dzimbiri amaseka ngati chitseko chakale, ndipo anafuna kumva chitsekocho chikulira moyo wake wonse. Dzuwa linakwera mpaka paliwombo.

Dzimbiri anakhosomola. "A Nangondo, ine ndimati..."

"Ee?"

M'mphika munangoti zii. Nyemba zinaleka kubwata kuti zimve bwino.

"Ndimati... denga lanuli lifunika udzu."

Nangondo anafuna kunena kuti udzu ulipo, chosowa ndi wofolera. Mawuwo anafika pakhosi, nakhala pansi kupumula. "Udzu wa chaka chino ndi waufupi," anatero.

Nyemba zinabwatanso mokwiya, mpaka chivundikiro chinavina.

Nkhuni zinatha. Nangondo anasonkhezera zitsononkho, zinatha. Anazula mtengo wa mpanda, unatha. Moto utayamba kuzirala, Dzimbiri anamasula mtolo wake, natenga mthiko watsopano wosalala bwino, nauika pansi pa mphika.

"Iii, a Dzimbiri, malonda anu!"

"Unali wokhota," anatero Dzimbiri. Sunali wokhota.

Utatha umenewo anaika wina. Wachiwiriwo akuti unali ndi mfundo. Wachitatu akuti unali wolemera. Mithiko itatha anayamba zipande, chimodzichimodzi, ntchito ya miyezi itatu, chilichonse akuchipezera mlandu. Mitambo inali kuda kumapiri, mabingu akulira chapatali, ndipo munthu wofuna kuwoloka mtsinje akanayang'ana kumwamba. Dzimbiri ankangoyang'ana moto. Nangondo anaona zonsezi, koma anati mumtima: zipande ndaziona, tsopano ndimve mawu.

Utsi wa tsiku lonse uja unaitana anthu. Anatulukira Nanthambwe, msuweni wa Nangondo, mkazi wa pakamwa ponola, atapanira tambala m'khwapa, amayi ena anayi ali pambuyo.

"Asuweni! Mukuwotcha njerwa kapena mukuphika? Utsi wanu wafika kudambo, achule akutsokomola!"

"Ndi nyemba chabe," anayankha Nangondo chapansipansi.

"Nyemba? Chiyambire m'mawa?" Nanthambwe anavundukula mphika, natola imodzi, nailuma, nagwira tsaya. "Mayo dzino langa! Amayi inu, bwerani mudzaone mbeta yokanika kuphika nyemba! Ngakhale mwana woyamwa amaphika nyemba. N'chifukwa chake amuna amangodutsa pano ngati pamanda."

Amayi aja anaseka mpaka kugwirana mapewa.

"Ndipo inu alamu anga a zipande," anapitiriza Nanthambwe, "mwauma milomo ngati chikopa. Nayu tambala, ndimudule khosi pompano mudye ngati mwamuna."

"Zikomo, mayi," anatero Dzimbiri, "koma tambalayo akuoneka kuti ali ndi zochita mawa m'mawa. Ine ndidikira nyemba."

"Mudikira mpaka imvi! Kapena asuweni anga akukusungani dala? Nenani, asuweni, mwathira chiyani mumphikamu kuti mlendo asachoke?"

Nanthambwe ankangoseka, monga amachitira asuweni, sankadziwa kuti waponda pachilonda. Koma Nangondo anamva ngati amuvula nsalu pamsika. Maso onse anali pa iye. Akanangoti, "Inde, ndikuwasunga, ndipo ndikufuna akhale," nyemba zikanapsa pomwepo. Koma manyazi ali ndi manja ofulumira kuposa pakamwa. Anatola masamba awiri, nagwira mphika, nauphula, nauika pansi.

"Palibe amene ndikumusunga," anatero.

Kuseka konse kunatha. Ngakhale tambala anatseka mlomo.

Dzimbiri anayang'ana mphika uli pansi, nayang'ana mafuwa opanda kanthu. Mwambo ankaudziwa. Anali atakanidwa katatu ndi nkhuku, koma kukanidwa ndi nyemba kunali koyamba. Anaimirira pang'onopang'ono. Mumtolo munatsala chipande chimodzi chokha, chosemedwa bwino kuposa zonse, chokhala ndi maluwa a nyemba pachogwirira. Sichinali cha malonda. Anachiika pamphasa.

"Ichi chilibe mlandu," anatero. "Tsalani bwino, a Nangondo."

Anawomba m'manja, natenga chingwe cha mtolo chopanda katundu, natsika njira ya kumtsinje. Amayi aja anabalalika mmodzimmodzi, Nanthambwe akung'ung'udza kuti iye amangocheza.

Nangondo anatsala chiimire. Ndipo mumphika munatuluka timawu: "Mayi, mwatiphula."

Anatola chipande chija. Ataona maluwa aja anadziwa kuti munthu sasema zotere usiku umodzi, ndi kuti chipandechi chinayenda pansi pa mtolo chaka chonse kudikira tsiku lake. Anathamanga. Anadumpha mizere, minga ikumukola nsalu, madontho oyamba a mvula akumumenya kumaso. Koma mvula inali itagwa kale kumapiri. Pofika pa Namilulu anapeza Dzimbiri atangowoloka, ndipo pakati pawo madzi ofiira akutsika ndi mitengo yathunthu, akulira ngati ng'ombe zana.

Pamenepo mawu aja anadzuka pakhosi. Nangondo, amene sanakuwepo chibadwire, anakuwa: "A Dzimbiri! Bwererani! Denga langa likufuna inu! Ine ndikufuna inu!"

Kutsidya Dzimbiri anacheuka. Anaona mkazi akukweza chipande m'mwamba, pakamwa pakuyenda. Anaika dzanja kukhutu. Mtsinje unameza mawu onse, osasiyako ngakhale limodzi. Iye anayesa kuti akumuthokoza chifukwa cha mphatso. Anakweza dzanja, nawerama pang'ono mwaulemu, nalowa m'nkhalango.

Madzi amenewo sanaphwe mpaka miyezi isanu. Ataphwa, Nangondo anawoloka kukafunsa, koma anamuuza kuti wosema zipande anapitirira kumpoto kutsata mitengo, ndipo palibe ankadziwa mudzi wake.

Koma tibwerere ku tsiku lija. Nangondo anafika pakhomo ali chinyowere, dzuwa likupendeka. Anakoleza moto pakhonde, naterekanso mphika uja, nagwada pafupi ndi mphasa yopanda munthu, nanenanso mawu onse aja bwinobwino, osasiya ndi limodzi lomwe.

Nyemba zinamvetsera mpaka kumapeto. Kenako zinati, "Mawu ndi amenewo, mayi, tawadziwa. Anenedwa pabwalo pano. Koma mwini wake sanawamve."

"Ndiye mupsa kapena simupsa?"

"Tidikirako pang'ono. Mwina abwerera."

Zinadikira, zinadikira, mpaka chifundo chinazigwira poona mkazi wosadya tsiku lonse. Zinafewa pang'onopang'ono, monyinyirika, imodzi ikufunsa inzake ngati kunjira kwamveka mapazi. Nangondo anapakula ndi chipande chija mbale ziwiri. Ndipo anachita chomwecho tsiku lililonse mpaka anakalamba: kutereka m'mawa, kuyala mphasa, kukhala moyang'ana njira ya kumtsinje. Nyama sanaibwererenso. Aliyense wodutsa ankadya mbale yachiwiriyo, ndipo ankafunsidwa funso limodzi lokha, ngati kumene akuchokera anaonako munthu woseka ngati chitseko chakale.

Nyemba za Nangondo zinabala zina, zinazo zinabala zina, mbewu inafalikira dziko lonse, ndipo iliyonse inauza ana ake za pangano lija losamalizika. Kuyankhula zinaleka, poti zinaona kuti mawu ndi ovuta ngakhale kwa anthu. Koma kudikira sizinaleke.

Ndi chifukwa chake lero nyemba zimachedwa kupsa. Mukazitereka zimayamba zalimba, kumvetsera ngati pabwalopo pali wina amene ali ndi mawu pakhosi, ndi kumupatsa nthawi yoti awatulutse mlendo asananyamuke. Zikabwata n'kumagwedeza chivundikiro, zikukukumbutsani kuti dzuwa likupita. Zimadya nkhuni zambiri chifukwa zinazolowera mithiko ya Dzimbiri. Ndipo zikafewa pamapeto, si kuti moto wazigonjetsa ayi, zangokumverani chisoni.

Tsono mukadzakula, wina akadzakuitanani kuti mudzadye nyemba, inu n'kupeza sanaziviike dzulo, akuzitereka zouma inu mutafika kale, musadandaule za njala. Khalani pamphasa, musonkhezere moto, mutchere khutu. Ndipo ngati woterekayo ndinu, nenani msanga, mtsinje usanadzaze.

Iwe wakhala kufupi ndi motowo, tafinya imodzi tione. Ikadali gwa? Basi, pali wina pano amene sananene zimene wabwera nazo.