Makasu a Adzukulu Ali Pansi

Khalani pansi inu! Iwe Tiyanjane, leka kutafuna chimangacho ngati mbuzi, tenga cholembera. Ine sukulu sindinapondeko, koma zimene zili m'mutu muno aphunzitsi ako sangazimalize. Lemba momwe ndikunenera, usakometse.

Kalekale, kunyanja uko, kunali matanthwe aataliatali, oyera ngati njereza, odzaza mapanga. Anyamata a pamudzipo ankadumpha kuchokera pamwamba pake n'kugwera m'madzi. Koma panali lamulo la makolo: munthu sadumpha kufikira mnzake atabwera pansi ndi bwato, n'kupima madzi ndi nsungwi, n'kumenya nkhafi pabwato kuti gu gu gu. Paja nyanja imaphwa m'chilimwe, ndipo miyala ya pansi imayandikira.

Kenaka kunabwera bwana wina wa m'tauni ndi boti la mimba ziwiri, lokhala ndi thanga lalitali. Alendo olemera ankalibwereka tsiku lonse, okhaokha, kumayenda m'mbali mwa matanthwewo, kumamwa zoziziritsa, kumajambula. Bwanayo anati, "Mabwato anu osweka aja asamaoneke kuno. Akuipitsa zithunzi za alendo."

Pamudzipo panali mayi wamasiye, Nasibeko, wa ana aamuna atatu. Wamkulu, Zuze, anamulemba ntchito yoyendetsa botilo. Wachiwiri, Kandulu, anakana. Anati, "Ine sindivala kabudula woyera kuti ndizisekerera anthu," n'kupitiriza usodzi. Wamng'ono, Binali, amene anali atangokwatira kumene, ntchito yake inali yodumpha pathanthwe kuti alendo aombe m'manja.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, chilimwe chitafika pena, Binali anakwera. Kandulu anabwera ndi bwato lake ndi nsungwi, monga ankachitira mobisa nthawi zonse boti lisanafike. Koma tsikulo anachedwa, anakumana nalo.

Mlendo wina anakwinya nkhope. Zuze anaima pachiwongolero n'kukuwa, "Iwe, chotsa chigobacho apa!"

Kandulu anati, "Achimwene, sindinapime."

"Upime chiyani? Dzana anadumpha pomwepa. Ukufuna andichotse ntchito? Amayi azidya nsungwi yakoyo? Choka, ukununkha usipa!"

Alendo anaseka, ngakhale sanamve. Munthu kukusekera pamaso pa mbale wako, ana inu, kumawawa kuposa mbama.

Kandulu anatembenuza bwato. Potembenuka, nkhafi yake inagunda mwala pansi pa madzi, pomwe kale siinkagunda. Anadziwa. Anakuwa kamodzi kuti, "Binali, usadumphe!" Koma paboti wayilesi inali kulira. Kachiwiri sanakuwe. Mumtima anati, "Poti ndikununkha, awuzane okha onunkhirawo." Anapalasa n'kumapita.

Binali pamwamba paja anaona bwato likuchoka. Gu gu gu sanamumve. Lamulo ankalidziwa, bambo ake anamuphunzitsa ndi makofi. Koma pansi manja anali kulira, makamera atakwezedwa, mkulu wake akumukodola kuti tiye. Anadumpha.

Amene anamuvuula ndi Zuze yemweyo, khosi litathyoka.

Usalire apa iwe, lemba.

M'mawa mwake, maliro ali m'nyumba, boti lija linadutsa, thanga lili pwe, woyendetsa wina, nyimbo zikulira. Bwana anatumiza thumba la shuga. Shuga!

Kumanda adzukulu okumba anaika makasu pansi. Mkulu wawo anati, "Mwanayu sanadwale. Sitikumba kufikira titamva amene wamupha."

Zuze anati, "Ine za mwala sindinadziwe. Ndinkateteza mphika wa amayi. Amene anadziwa ndi uyu wa nsungwiyu."

Kandulu anati, "Ine ndinabwera ndi nsungwi, munandithamangitsa ngati galu. Ndinakuwa. Ndikanakuwa kangati?"

Mkazi wa malemu, mimba ili apa, anati, "Alamu, nonse mukundiuza kuti mwamuna wanga anadzipha yekha?"

Adzukulu anatembenukira kwa Nasibeko kuti atchule dzina. Akatchula mmodzi, ndiye kuti wataya ana awiri. Akapanda kutchula, mwana wake aonongekera pamphasa, dzuwa la chilimwe lija.

Za bwana ndi alendo ake musandiuze. Amenewo bwalo la amphawi siliwakwana, ngakhale muwaitane ndi ng'oma.

Ndani akuitanayo? Mbuzi zalowa kudimba? Ndinanena ine kuti mpandawo ndi wabodza! Ndikubwera! Ndipatseni ndodo yangayo.

Inu musabalalike. Makasu akadali pansi, mtembo ukudikira. Mukanakhala Nasibeko, adzukulu aja mukanawauza dzina la yani?